Khadi Lachiwiri

Anakumana pokwerera basi, mvula ikugwa ngati yachita kutumidwa. Mkaziyo anali ndi ambulera. Mwamunayo anali ndi chikwama cha zida pamutu, ndi mano oyera.

"Achemwali, ambulera yanuyo ndi ya anthu awiri. Mukuiwononga."

"Ndinagula ndekha, ndifunda ndekha."

Anatero, koma anasendera.

Mkaziyo anthu ankamutcha Mtchona poti anakhalitsa kunja. Anapita ali mtsikana kukasamalira nkhalamba za eni ake. Pobwera anapeza mayi ake ali m'manda, nyumba imene anakuliramo itasanduka shopu ya matayala, anzake akale akumupatsa moni wa alendo. Abale ankabwera masutikesi akadali otupa. Ataphwa, mapazi anaphwanso. Tsopano ankagulitsa m'sitolo ya mankhwala, n'kumabwerera kunyumba ya lendi ya mpando umodzi ndi kapu imodzi. Foni ikalira, amakhala a banki.

Mwamuna wa pamvulayo anali wamagetsi. Anabwera kudzakonza soketi ya kukhitchini. Soketi inachira tsiku lomwelo, koma wokonzayo sanasiye kubwera.

"Wadzuka bwanji, nyali yanga?" unkatero uthenga wa m'mawa. "Dzulo ndinayatsa nyumba ya abwana ena, mababu mbwee, koma lowala ngati iwe sindinalione."

Mtchona ankaseka yekha kuseri kwa kauntala. Mawu otchipa! Koma ndani anali atamuuzapo ngakhale otchipawo?

Kunja kunamuphunzitsa zinthu ziwiri: kudya yekha, ndi kugwiritsa ntchito khadi la ngongole. Tsiku lina ali limodzi m'sitolo yaikulu ya katundu wa m'nyumba, Wamagetsi anamuona akulipira ndi khadilo.

"Iwe, ngongole? Zimenezo zinadya njinga ya malume anga!"

"Malume ako sankamva. Khadi ili ndi galu. Ukamudyetsa nthawi yake amakulondera, ukaiwala amakuluma. Uzigula chokhacho chimene ukanagula ndi kale, n'kubweza zonse mwezi usanathe. Ukatero chiwongoladzanja sichikukhudza. Pamwamba pake amakuunjikira mapointi oti udzatengere katundu. Ukagula chamagetsi amawonjezera galanti, chikawonongeka amakonza ulere. Bola usachitsegule wekha."

"Wamagetsi osatsegula?"

"Ngakhale iweyo."

"Mkazi wanzeru chonchi ndikapanda kumukwatira, ndiye kuti anandilodza."

Mtchona anamukoka dzanja mpaka pakona pomwe panali sofa yobiriwira, ya anthu awiri. Anali asanaionetsepo munthu aliyense.

"Mapointi akakwana, iyi ndikutenga."

Wamagetsi anakhalapo, n'kusisita nsalu yake. "Ine ndimagula mawaya mom'muno, masoketi, pena mafiriji a makasitomala. Zonsezo ndi ndalama pamanja. Mapointi athu akungotayikatu, nyali yanga."

Athu! Liwu limenelo linamutsata Mtchona mpaka kubanki, komwe anakamutengera mnzakeyo khadi lachiwiri pa akaunti yake.

Polilandira, Wamagetsi analiika pachifuwa. "Tsiku limene sofa ija idzalowe m'nyumba mwako, ndidzalowa nayo. Sindidzatulukanso."

Anali wophunzira wabwino. Ankagula, mwezi usanathe n'kubweza zonse, osatsala kakobiri. Mapointi anayamba kukwera ngati madzi a mumtsinje. Mtchona anagula kapu yachiwiri. Anasoka chigamba pa ovololo ya mnzakeyo ndi ulusi wofiira, poti wakuda unali utatha.

Loweruka ndi Lamlungu zokha ndi zimene zinkatalika. Masiku amenewo Wamagetsi amati ali ku ntchito zakutali.

"Nanga kwanu tipita liti?"

"Ndimakhala ndi anyamata anzanga, dali. Fungo la nsapato zawo lingakukomole."

Kenako masana ena, akuwerengera gogo wina mapiritsi, foni inalira.

"Mayi, ndife a kusitolo kuja. Firiji yanu yafa, atiimbira a kunyumba. Koma galanti ili m'dzina la mwini khadi, ndiye mukhalepo pokaitenga."

"Imeneyo ndi ya kasitomala."

"Ayi mayi, abambo anati ndi ya pakhomo. Tinakasiya ndife."

Ya pakhomo? Pakhomo pati? Iye madzi akumwa ankaziziritsa m'beseni!

Anapempha chilolezo kwa bwana wake, n'kukwera nawo lole ya a kusitolo. Njira yonse ankadziuza kuti a kusitolowo alakwitsa.

Inali nyumba yaing'ono, yosesedwa bwino. Pachingwe panali ovololo ya chigamba cha ulusi wofiira. Pakhomo panatuluka mtsikana woyembekezera, akupukuta manja.

"Alamu! Si inu alamu a kunja aja? Ndakuzindikirani, chithunzi chanu chili m'foni mwawo. Lowani, lowani! Ndakhala ndikuwachonderera kuti anditengere kwanu."

Mtchona analowa ngati wogwidwa ndi tulo.

"Achimwene anu akana kuitsegula firijiyi. Ati achemwali ananena kuti ukatsegula wekha galanti yafa. Amakumverani bwanji! Mbaula iyi, ayironi, feni, zonsezi ndi nzeru zanu. Mwanayu akakhala wamkazi, dzina mudzatchula ndinu, alamu."

Mtsikanayo ankanena ndi mtima wonse. Ukanamuda bwanji munthu wotere?

Panja panamveka mluzu wodziwika. Wamagetsi analowa atanyamula buledi.

"Bambo a mwana, taonani abwera ndani!"

Mluzu unathera pakati.

Mtchona anasainira a kusitolo, iwo n'kuyamba kunyamula firiji. Iye anawatsatira panja. Wamagetsi anamupeza kuseri kwa lole.

"Nyali yanga, tamvera..."

"Chemwali wako."

"Ndimafuna ndikuuze. Zinangovuta."

"Chiyambire pokwerera basi paja zikungovuta?"

Wamagetsi anayang'ana pansi, kenako anadzutsa mutu ngati wapeza potulukira. "Komatu sindinakubere. Ndinkabweza zonse, nthawi yake, monga unandiphunzitsira. Nena, ndili nawe ngongole yanji?"

Zinali zoona! Akanakhala wakuba, bwenzi akudziwa kokadandaula. Nanga Loweruka ndi Lamlungu zonse zija, kapu ija, ulusi wofiira uja, amakadandaula kwa yani?

"Ulibe," anatero. "Bweretsa khadi."

"Dali..."

"Bweretsa. Firijiyi aikonza ulere, mkazi wako alibe mlandu. Ukamuuze kuti alamu abwerera kunja."

Atalilandira, Mtchona analithyola pawiri, n'kumubwezera zidutswazo m'manja.

Masiku anadutsa foni ili zii. M'mawa uliwonse ankaisuzumira asanakumbuke. Tsiku lina inaliradi. Anali a banki: "Zabwino zonse! Mapointi anu akwana."

Anaganiza zongowasiya. Koma Mtchona sanali munthu wotaya chinthu chimene wachigwirira ntchito, ndipo mapointi ambiri anachokera pa firiji ija.

Lole yomwe ija inaima pakhomo pake Loweruka masana. Anyamata anasuntha mpando umodzi uja, n'kulowetsa sofa yobiriwira.

"Tiike pati, mayi?"

"Paliponse."

"Ya anthu awiritu iyi," anaseka dalaivala, yemwe anali watsopano. "Abambo akaweruka asangalala."

Atachoka, anatseka chitseko. Padenga panayamba kuwaza mvula. Mtchona anathira tiyi m'kapu imodzi, n'kukhala pakatikati pa sofa yake.

Patapita kanthawi anazindikira kuti wasendera.