Wokankha Galimoto pa Mlatho

Hopeson ananyamuka mochedwa pachipatala cha pa Boma, atadikira kuti mayi ake odwala agone. Kagalimoto kamagetsi kamene anabwera nako kanali kakuntchito kwake ku Limbe, koperekera katundu m'tauni basi. Anakatenga mosapempha, ndipo kanayenera kupezeka pamalo pake kusanache, apo ayi ntchito yatha.

Magetsi anazima tsiku lonse, choncho sanatchaje. Atangodutsa pa Chinakanaka, kagalimoto kanayamba kufooka, kenaka kanaima pamlatho.

Anatsika n'kuyamba kukankha, dzanja limodzi lili pachiwongolero. Msana unkamuwawa chifukwa chogona pabenchi yachipatala, maso ali lendelende ndi tulo. Anafika poganiza zongokhala pansi, zigwe zigwe.

Mwadzidzidzi galimoto inapepuka. Wina ankakankha kumbuyo.

"Ingowongolerani, achimwene," anatero mawu a mwamuna. "Kagalimoto kabwino aka. Sikadzutsa ogona."

Hopeson anathokoza, n'kucheuka. Pakuwala kofiira kwa nyali yakumbuyo anaona bambo wamtali, malaya ali chonyowa, matope mpaka m'khosi. Koma mvula inali isanagwe chaka chimenecho.

Anayang'ana kutsogolo. Anatchera khutu. Matayala ankamveka. Nsapato zake zinkamveka. Kumbuyo... zii! Kupuma komwe kunalibe. Madzi okha, dontho, dontho, pa tala.

Kuthawa analephera.

"Kutsogoloku kuli chigayo, magetsi ayaka kumeneko," anateronso mawu aja. "Mukagogode. Mukawauze a Janeti kuti wakutumani ndi Pilato. Ine malire anga ndi pano."

Galimoto inalemeranso. Atacheuka, pamsewu panalibe munthu.

Anaikwakwaza yekha mpaka pachigayo, n'kugogoda panyumba yoyandikana nacho. Panatuluka mayi wachikulire atafunda chitenje. Hopeson anafotokoza vuto lake, ndipo atatchula dzina la amene anamutuma, mayiwo anatsamira chitseko.

"Mwakumana nawo kuti?"

"Pamlatho paja, amayi."

Mayiwo anayang'ana kumdima kumene Hopeson anachokera.

"A Pilato ndi amuna anga. Anapita ndi madzi chaka cha namondwe wa Freddy, akuolotsa anthu pamlatho pomwepo. Thupi lawo sitinalipeze."

Hopeson anangokhala pansi, pafumbi.

A Janeti analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi makiyi a chigayo ndi chingwe chachitali chamagetsi.

"Dzukani, bambo, mulumikize," anatero motopa. "Anthu amawatumiza kuno, koma eniakewo safika."