Chimene Tochi Inaonetsa mu Pulazima ya Levison

Izi si nkhambakamwa ayi. Zinachitika pa Chulu, mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo, anthu akugulana tomato panja. Mayi Ezelina, amene amagulitsa zitumbuwa pakhonde pa shopu ya Samsoni Mphepo, anaona ndi maso awo, ndipo amenewo ndi mayi a Mvano, bodza amaliopa ngati njoka. Mukafika pa Chulu kawafunseni nokha.

Samsoni ndi wokonza mawailesi ndi ma TV, makamaka apyapyala aja amene kuno timangoti pulazima. Dzanja lake ndi labwino, izo palibe angatsutse. Pakamwa pokha ndiye panalibe chitseko. Ankakonda kudzitama kuti pulazima ikadwala imanena yokha pamene pakupweteka. Mizere yoimirira ikatuluka, ndiye kuti kalamba kolumikiza galasi kasuntha kapena kadyeka. Mbali imodzi ikada, timagetsi tina takumbuyo tapsa. Chithunzi chikamaduka timabokosi timabokosi, usavutike n'kumasula, vuto lili ku dishi. "Ine ndimaona kamodzi basi," ankatero. "Kuona kachiwiri n'kwa ophunzira."

Kuona kamodzi kumeneko ndi kumene kunaipitsa dzina la mlamu wake.

Mlamuyo anali Levison, mwamuna wa Enelesi, mlongo wake wa Samsoni. Makolo a Levison anabwera kuchokera ku Phalombe kudzagwira utenanti m'maesiteti a fodya, iye nakulira konkuno, nakwatira chikamwini. Mwezi wa Julaye, fodya wake atagulidwa, anapalasa njinga kunka kuboma ndipo sanabwerere. Tsono mukudziwa inu, kuno mwamuna akasowa nyengo yogulitsa fodya, palibe amene amayamba wayang'ana kutchire. Aliyense amangoti ndalama za fodya zamuyabwa m'thumba. Samsoni ndiye anathira mchere: anauza mudzi wonse kuti anamuona Levison padepoti akukwera basi ya ku Mzuzu ndi mkazi wina wa wigi. Kunena zoona, iye anangoona msana wa munthu wa jekete yofiira. Enelesi anayesa kunena kuti jekete yofiira ya amuna ake ili pamsomali m'nyumba. "Anagula ina," anatero Samsoni, ndipo amene ankati akafunefune anabwerera kumadimba awo.

Miyezi itatu Enelesi anakana kukhulupirira. Koma mwana wawo Favour atayamba kubwera kusukulu akulira, anzake akumuimba kuti bambo ake anathawa, mtima wa mayi unatopa. Anavomera kuti Loweruka ankhoswe akumane, ukwati uthe.

Lachisanu masana anafika pashopu atasenza pulazima yokulunga m'chitenje.

"Achimwene, mundikonzereko iyi," anatero. "Inazima tsiku lomwe anachoka. Mawu amamveka, chithunzi ayi. Mawa ndikufuna ndikaipereke kwa abale awo ili yamoyo. M'nyumba mwanga musatsale kanthu kawo."

"Amenewo ndi matenda a ana," anaseka Samsoni. "Mawu alipo, chithunzi palibe, ndiye kuti magetsi akumbuyo afa. Chithunzicho chilimo ndithu, chikungosowa choyatsa. Tseka chitsekocho ndikuonetse."

Umu ndi mmene amayezera okonza onse. Amachititsa mdima, n'kuyatsa pulazima, n'kugunditsa tochi pagalasi chopendeketsa. Ngati afa ndi magetsi okha, chithunzi chimaoneka mwachizimezime pamene pakuwala tochiyo. Mayi Ezelina, pokonda kuona zinthu, analowa ndi beseni lawo chitseko chisanatsekedwe. Samsoni analumikiza waya wamagetsi wokha. Dishi ayi, dikoda ayi, fulashi ayi. Chimene ankayembekeza kuona ndi kabokosi kaja konena kuti palibe chimene chikulowa.

Kagetsi kofiira kanasanduka kobiriwira. Musipika munamveka kenakake.

Tho. Tho. Tho.

Madzi akudontha, koma momveka patali, ngati m'kati mwa mgolo. Samsoni anazungulira kumbuyo kukaona ngati waiwala waya wina. Munalibe. Apo ndi pamene anamva fungo. Pulazima yodwala imanunkha fumbi lopserera, ndipo iye fungo limenelo amalidziwa ngati la m'nyumba mwake. Ili linali lina. Linali la matope ndi ndere, lozizira, m'shopu ya malata mmene anthu atatu ankachita thukuta kamukamu. Panja nyenje zimene zinkalira chiyambire m'mawa zinangoti zii.

Anagunditsa tochi pagalasi.

Pakati panali chozungulira chotuwa, ngati kamwa la mtsuko ukaliona uli m'kati. M'mphepete mwake munalendewera udzu. Chinachake chinapingasa pakamwapo, chokhala ndi masipoko. Linali gudumu la njinga.

"Mayi wanga ine!" ananong'ona Mayi Ezelina. "Ndi filimu yanji imeneyi?"

"Chithunzi chotsalira," anayankha Samsoni. "Zimachitika. Chinthu chikakhalitsa pagalasi chimasiya chipsera."

Koma iye yemwe ankadziwa kuti chipsera sichiyenda. Apo mtambo unadutsa. Khwangwala anadutsa. Gudumu linazungulira pang'ono, n'kuima.

Samsoni anazula waya kukhoma. Kagetsi kanazima. Anabweza tochi pagalasi.

Chithunzi chinali pomwepo.

Tho. Tho.

"Ayi, ayi, izi sizitheka!" Anatenga sikuludilaiva, namasula chivundikiro chakumbuyo, zomangira zikugwera pansi osazitola. Anasolola malamba onse. Anachotsa bolodi imene imapanga chithunzi, naigwira m'manja ngati mbale. Pulazima yopanda bolodi ndi galasi chabe, ngati la pawindo. Atagwira m'munsi mwa galasilo, zala zake zinanyowa. Anazinunkhiza. Matope.

Anayatsanso tochi.

Chozungulira chija. Udzu. Gudumu. Ndipo pamwamba, m'mphepete, panaoneka miyendo yachitsulo ndi thanki yadzimbiri yopendekera kumodzi.

Kenako belu la njinga linalira. Ngiri. Linakakamira. Ngiri.

Enelesi anakhala pansi, pafumbi pomwepo.

"Belu la amuna anga ilo," anatero motsitsa. "Limakakamira kachiwiri. Ndinkawamvera pamenepo akamafika."

Samsoni anayang'anitsitsanso pagalasi. Thankiyo anaizindikira. Ili pa esiteti ina yosiyidwa kalekale, imene anthu amangoti Pathanki, ndipo pamenepo pamadutsa kanjira kachidule kochokera kuboma. Anazindikiranso china: kuti uone thambo lozungulira chotero, gudumu lili pamwamba pako, uyenera kukhala uli pansi, utagona chagada.

"Tiye, Enelesi," anatero.

"Pitani inu. Ine sindichoka pano."

Enelesi anayatsa tochi ya foni yake, naigunditsa pagalasi. Mayi Ezelina anatsala naye, atamugwira phewa.

Samsoni anatenga amuna atatu a kabaza, nathamangira ku Pathanki. Zigafa zinali zitagwa, udzu wofika m'khosi. Anayenda akupenda thanki kuti aione monga inaonekera pagalasi, miyendo kumanzere, kupendekera kumanja. Mapazi asanu kuchoka pakanjira anapeza matabwa ofumbwa, othyoka pakati. Chinali chitsime chakale chothirira nazale za fodya, chimene ngakhale akuluakulu anali atachiiwala. Fungo lija linamulandira. Njinga inali itapingasa pang'ono kunsi kwa kamwa, gudumu lakutsogolo lili m'mwamba.

Anagwada. Anasuzumira. Anayatsa tochi.

Za chimene anaona pansipo Samsoni sanena, ndipo inenso sindinena. Amuna a kabaza aja amati anakuwa ngati mwana, mpaka anachita kumukoka miyendo kuti asagweremo.

Koma imvani za kushopu. Mayi Ezelina amalumbira kuti pa nthawi yomweyo, m'chozungulira chija munalowa mutu wa munthu. Unasuzumira. Inali nkhope ya Samsoni, chipewa chake chomwe, dzanja lili pakamwa. Kuwala kwa tochi yake kunawathobwa m'maso iwo ali m'shopu, mtunda wa ola lathunthu wapansi. Enelesi anakuwa, "Achimwene!" Pomwepo galasi linada bii, ndipo kudontha kunaleka. Panja nyenje zinayambanso kulira.

Apolisi anabwera ndi zingwe dzuwa lisanalowe. Levison anali m'malaya ake otuwa ogwirira ntchito. Pakaliyala ya njinga panali jumbo yomangidwa bwino ndi mphira. Ataimasula anapezamo chitenje chatsopano chosachapa, ndi nsapato zakuda zakusukulu, zazing'ono, za mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Munthu uja ankabwerera kwawo. Anatsala ndi ola limodzi kuti afike pakhomo.

Loweruka ankhoswe anakumanadi, koma pamaliro. Abale a Levison anakhala mbali yawo osalankhula zambiri, ndipo kusalankhulako kunamupweteka Samsoni kuposa mbama. Manyazi anamugwira, chisoni chinamugwira, anasowa poika maso. Anthu atabwerako kumanda, iye anapita kwa mlongo wake, amene anakhala pamphasa, Favour ali pamiyendo atavala nsapato zija. Zinali zitamuthina kale. Samsoni anagwada pamaso pake. Enelesi ndiye analankhula, osakweza mawu.

"Achimwene, adokotala akuti mwina sanafe tsiku lomwelo. Akuti mwina anakhala masiku awiri." Anamuyang'ana m'maso. "Anthu anali atanyamuka kale kuti akafune. Munawabweza ndinu."

Pulazima ija abale a Levison anaikana, Enelesi anaikananso. Patapita sabata Samsoni anabwezeramo bolodi, nayeza timagetsi takumbuyo kamodzikamodzi. Onse anali amoyo. Anayeza kachiwiri, anayeza kachitatu, munthu uja ankati kuona kachiwiri n'kwa ophunzira. Sanapeze chovuta chilichonse. Ataiyatsa inaonetsa mpira bwinobwino, ngati yatsopano.

Ilipo mpaka lero pakona ya shopu, yoyang'anitsa kukhoma. Mukamubweretsera pulazima ya mawu opanda chithunzi, Samsoni amasintha magetsi osayeza, ndipo chitseko satseka. Tochi yake ija anawapatsa Mayi Ezelina, amene nawonso saiyatsa. Iwo ndi amene amasesa m'shopumo m'mawa, ndipo amati ngakhale mu Okutobala, pansi pa pulazimayo pamakhala ponyowa.