Chitsulo cha Mkono wa Anesi

Pakhomo pa bambo Overton Chimkoka, kufupi ndi Nambuma, sipankamveka phokoso la mowa kapena la ndewu. Bamboyo ankalima fodya ndi mtedza, anali ndi ngolo ndi ng'ombe ziwiri zoikoka, ndipo Lamulungu ankawerenga mawu kutchalitchi. Iwo ndi akazi awo, mayi Faness, anali ndi ana awiri okha: Nickson, amene anali atangolemba mayeso a Fomu 4, ndi Anesi wa Sitandade 5.

Chisoni cha banjali chinali mkono wamanja wa Anesi. Ali wamng'ono anagwa pangolo, fupa la pakati pa phewa ndi chigongono n'kuthyoka. Munthu wina wa m'mudzi analimanga ndi timitengo ta nsungwi. Linalumikizana ndithu, koma mokhota ngati uta. Mkonowo sunkafika kumutu. Akalemba nthawi yaitali phewa linkawawa, ndipo popereka chinthu ankatambasula dzanja lamanzere, moti alendo osadziwa ankamuyesa mwana wamwano.

Kuchipatala cha boma odikira opaleshoni anali ambiri. Chipatala china cha mishoni, cholipiritsa, chinati dokotala wa mafupa adzabwera mu Ogasiti kwa masiku ochepa. Adzadula fupalo pokhotapo, kuliwongola, n'kuligwiriza ndi kachitsulo ndi timisomali. Kalaliki wa ndalama, mayi wachikulire wovala magalasi, anafotokoza bilu modekha, bambo Overton ndi Nickson akumvetsera.

"Za bedi, kujambula ndi mankhwala mutha kumalizitsa pambuyo. Koma ndalama ya chitsulo itsogole. Chitsulocho sitisunga kuno, timachita kuitanitsa molingana ndi fupa la mwanayo. Mwamva, eti?"

"Tamva, mayi," anayankha Nickson.

Fodya wa chaka chimenecho sanakwanitse mtengowo. Bambo Overton anagulitsa ng'ombe imodzi, ngolo n'kuima pansi pa mtengo wa mango, pakuti ng'ombe imodzi siisenza goli. Amayi a kutchalitchi anasonkhanso kangachepe. Poopa opisa m'matumba m'minibasi, ndalama zonse anaziika m'foni ya Nickson, kuti akalipire iye kuchipatala.

"Iwe Nickson," anatero mayi ake, "zili m'foni mwakozo usaziyese ndalama. Umenewo ndi mkono wa mlongo wako."

"Ndipo Chancy uja ndisamuonenso pakhomo pano," anawonjezera bambo ake. "Mnyamata wosagwira khasu koma wosintha nsapato mwezi ndi mwezi, amazitenga kuti?"

Chancy anali mnzake wa kusukulu, amene ankangokhala pakhonde la golosale pamsika, maso ali pafoni, kubetcha mpira. Atamva za ndalamazo anaseka.

"Aise, Ogasiti ali kutali. Ndalama ikungogona m'fonimo ngati nkhuku yosaikira. Ikapo pang'ono pa masewera a Loweruka. Ukawina ubwezamo, yotsalayo ugule buluku, uleke kuvala ya bambo akoyo. Kapena upite kaye ukapemphe chilolezo kwa abusa?"

Nickson anaika pang'ono, ndipo anawina. Anagulira Anesi buledi ndi sopo wonunkhira. Mwanayo anagwada n'kunena kuti, "Zikomo achimwene," ndipo Nickson anadziona ngati munthu wothandiza. Loweruka lotsatira analuza. Anaikanso kuti abweze yoluzayo, nayonso inapita. Ndalama yotayika pa juga imaitana inzake. Pomwe mphepo ya Julaye inkatha, ng'ombe yonse inali itamira m'foni, kutsala mchira wokha.

Nickson anathamangira kwa Chancy kukamuuza.

"Ukudandaula chiyani?" anatero Chancy, osadzutsa n'komwe mutu. "Yatsalayo kalipire bedi. Chipatala cha mishoni chingabweze mwana atagona kale pabedi? Anthu opemphera m'mawa uliwonse aja? Adzakalipa, kenako adzamupanga. Ngongole muzidzakamba pambuyo."

Nickson anakhulupirira, chifukwa ankafuna kukhulupirira. Anapita kuchipatala kukalipira yotsalayo.

"Iyi ndi ya bedi," anatero kalaliki uja atalandira. "Nanga ya chitsulo?"

"Bambo abweretsa sabata yamawa."

"Ukawauze kuti ndikapanda kuilandira sindiitanitsa."

Kunyumba Nickson anangoti, "Zonse zatheka."

Ogasiti atafika, mayi Faness anamanga nkhuni, ufa ndi mapoto, zokagwiritsa ntchito kumalo ogona odikirira odwala. Anesi anagonekedwa m'wodi. Tsiku la opaleshoni sanadye kanthu monga anamulangizira, ndipo anamuveka malaya obiriwira a chipatala, omanga kumsana. Ankauza namwino kuti akachira azidzipesa yekha tsitsi.

Dokotala anayang'ana chithunzi cha fupa n'kufunsa chitsulo. Namwino anatuluka, ndipo anabwerera ndi kalaliki.

"Chitsulo kulibe, bambo," anatero mayiyo. "Sitikukanizani. Ngakhale mutalipira lero, chidzafika adokotala atapita."

"Koma tinalipira zonse!" anatero bambo Overton.

"Funsani amene munamutuma."

Bamboyo anatembenuka. Nickson anali atatsamira khoma, akuyang'ana simenti. Bambo ake sanamumenye, sanakweze mawu.

"Nickson, kodi ng'ombe yanga ili kuti?"

Mayi Faness anayamba kumasula zingwe za malaya obiriwira aja. Anesi anayang'ana amayi ake, kenako achimwene ake, ndipo anafunsa motsitsa mawu:

"Amayi, ndiye ndingadye tsopano?"

Nickson sanakwere nawo minibasi yobwerera. Anathawira kuesiteti ina ya fodya chakumpoto, kumene ankagwira ganyu pamodzi ndi matenanti. Sizoona kuti kunabwera mzukwa kudzamuvutitsa, monga ena amakambira. Zimene zinkamutsata zinali zinthu wamba. Phesi louma likathyoka pansi pa phazi lake, ankaima chilili. M'chigafa, mikangala yopachikapo fodya ikawerama ndi kulemera kwa masamba, iye ankaona mkono wa Anesi. Ankasankha yokhota n'kukaitaya kutchire, anzake n'kumaseka kuti mnyamata wa ku Nambuma akulimbana ndi mitengo. Belu la nkhomaliro likalira, ankamva kamawu ka Anesi kaja kakufunsa ngati kangadye, ndipo ankakankhira mbale yake pambali.

Anasiya kubetcha, koma kusiya sikubweza zimene zapita. Mtengo wa chitsulo unkakwera chaka ndi chaka, iye akuuthamangira kumbuyo. Kwawo nako mvula inavuta, ng'ombe yotsala ija inagulitsidwa kuti agule chimanga.

Patapita zaka anabwerera, ndalama itakwana. Anapeza bambo ake atachita imvi. Anesi anali namwali tsopano. Sukulu analekeza panjira chifukwa cha kuwawa kwa phewa ndi chipongwe cha anzake. Nickson anagwada pabwalo, anthu akuona.

"Ndinakulakwirani, bambo. Ndinalakwira Anesi."

"Dzuka," anatero bambo ake. "Ine ndinakukhululukira kalekale. Koma ulendo uno kukalipira tipitira limodzi."

Dokotala amene anakamupeza kuchipatala anali wina. Anagwira mkono wa Anesi, kuupinda, kuukweza mpaka Anesi anatsinzina ndi ululu.

"Fupa tiliwongola," anatero. "Koma phewa ndi chigongono zauma chifukwa chokhala zaka zambiri zisakugwira ntchito bwino. Akanabwera ali mwana, bwenzi tikukamba zina."

Opaleshoni inachitika, ndipo inayenda bwino. Bala litapola, Anesi anayesetsa zolimbitsa mkono zimene anamuphunzitsa, miyezi n'kumapita. Tsiku lina masana, Anesi akusenda mtedza pakhonde, Nickson analimba mtima n'kumufunsa kuti mkono uli bwanji.

Anesi anautambasula, wowongoka bwino, chipsera chikunyezimira. Anayesa kuukweza. Unafika pachifuwa n'kuima pomwepo, ukunjenjemera.

"Wawongoka, achimwene," anatero mopanda mkwiyo. "Kungoti sukwera."

Anapitiriza kusenda mtedza ndi dzanja lamanzere. Nickson anakhala naye pompo mpaka lichero linadzaza.

M'nkhaniyi palibe anamwalira, palibenso anamangidwa. Nickson amapemphera, amalima, ndipo anthu amati anasintha. Koma m'mawa uliwonse amaona mayi ake okalamba akupesa tsitsi la Anesi, amene ndi munthu wamkulu tsopano, ndipo amadziwa amene anachititsa. Achinyamata, ndalama imene mwasungitsidwa si yanu, ngakhale mutati mukungobwereka mpaka Loweruka. Kumeneko n'kuba, ndipo amene amalipira kawirikawiri ndi wosalakwa. Mulungu amakhululukira wolapa, makolo nawonso amakhululuka, koma nthawi imene munabera mnzanu palibe angamubwezere.