Funso la Mlendo M'khitchini ya Sukulu

Nyumba ya a Gathright inali yachitatu kuchokera pa tchalitchi chathu, m'tauni yaing'ono ya kumwera kwa Georgia komwe ndakhala ndikuphunzitsa ana a sekondale mpira wonyamula m'manja ndi kugwetsana kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Inali nyumba yabwino, ndipo ndikunena zimene ndinaona ndi maso angawa. Bambo Clifton ankagwira ntchito pamakina ocheka matabwa mpaka msana unawakana. Mayi Odessa ankaphika ndi kugawa chakudya m'khitchini ya sukulu yathu, ndipo Lamlungu ankaimba kwaya. M'nyumba imeneyo sunkagwira foloko pemphero lisanathe, ngakhale nkhuku yokazinga izizire ukuiona.

Mwana wawo anali mmodzi yekha, Terrion, ndipo Mulungu anamupatsa thupi mosaumira. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi anali atafika kale mafiti sikisi ndi mainchesi anayi, mapaundi 285, koma mapazi opepuka ngati a mwana wodumpha chingwe. Ine ndimaphunzitsa otchinga a kutsogolo, anyamata anayi akuluakulu aja amene amawerama dzanja lili pansi, kuti mpira ukangoyamba aboole mzere wa adani n'kukagwetsa wonyamula mpirayo. Pa zaka zonsezi sindinaonepo mwana wobadwira ntchito imeneyi ngati Terrion. Anali wakhamanso. Sikisi koloko m'mawa ndinkamupeza ataima pakhomo la chipinda chonyamulira zitsulo, akudikira kuti ndibwere ndi makiyi.

Banja ngati limenelo silingakwanitse kutumiza mwana ku koleji, pokhapokha kolejiyo itamufuna kuti aziisewerera mpira. Zikatero mwana amaphunzira zaka zinayi osalipira kalikonse. Mayi Odessa anandiuza tsiku lina tikutuluka m'tchalitchi kuti, "AKochi, za mpira wanuwu ine sindizidziwa, akamagundana ndimangotseka maso. Chimene ndikufuna n'chakuti mwanayu adzagwire digiri m'manja, asadzathyoke msana pamatabwa ngati bambo ake."

Atatsala ndi chaka chimodzi kuti amalize sukulu, anthu a pa intaneti amene amayeza osewera anamupatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Makalata a makoleji anayamba kudzaza bokosi la pakhomo. Koleji ina yaikulu inamulonjeza malo, koma linali lonjezo la pakamwa chabe, chifukwa kusainirana kumachitika nyengo ya mpira ikatha. Apa ndi pamene msuweni wake Dontay anatulukira ndi kamera yake.

Dontay ankasewerapo mpira kwa ine kalekale, koma pakamwa pake pankathamanga kuposa miyendo. Tsopano ankajambula ana, n'kudula malo okoma okhaokha, n'kuika pa intaneti ndi nyimbo zaphokoso. Madzulo ena mu Ogasiti, titamaliza kuyeserera, ndinamumva akulankhula ndi Terrion kumpanda.

"Aise, ukuthamangiranji chonchi ngati akukuthamangitsa agalu? Mpira wapita mbali ina, iwe n'kuutsatira mpaka kumapeto kwa bwalo. Ukufuna mendulo? Malo anakupatsa kale."

"AKochi amati wotchinga saima wezulo isanalire," anatero Terrion.

"Thupi limeneli ndi katundu wodula, mfana. Uthyoke bondo pano, makochi a koleji aja nambala yako afufuta tsiku lomwelo. Iwe undipatse kawiri kapena katatu pagemu pamene wagwetsa munthu mochititsa kaso, zotsalazo undisiyire ine ndi kamera yangayi. AKochi akowo akhala pasukulu pano iwe usanabadwe. Anafika nazo kuti nzeru zawozo?"

Mawu omalizawo anandibaya, sindinama. Koma chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti Terrion anaseka.

Ulesi sunamugwere tsiku limodzi. Poyamba anachedwa kuzitsulo, akuti alamu sinalire. Sabata yotsatira sanabwere n'komwe. Pothamanga kumapeto kwa zoyeserera anayamba kutsalira m'mbuyo, kenako kumangoyenda manja ali m'chiuno. Madzulo ankazungulira ndi Dontay m'galimoto akudya zokazinga, ndipo pofika Okutobala sikelo inkanena mapaundi 320. M'kalasi ankagona. M'chipinda chodyera ankadumpha mzere, ndipo akatha kudya ankasiya mbale patebulo kuti amayi a m'khitchini amuchotsere, ngakhale ankadziwa bwino kuti mmodzi mwa amayiwo ndi mayi ake.

Lamlungu lina a Gathright anandiitana ku chakudya cha masana. Tili pakati pa kudya, Bambo Clifton anaika foloko pansi.

"Terrion, Lachisanu ndinaona. Mnyamata uja anakudutsa pafupi ngati pamene akhala aKochipa, iwe n'kumangomuperekeza ndi maso."

"Adadi, mpira wa masiku ano si wa nthawi yanu. Vidiyo yanga aionera anthu zikwi makumi awiri."

"Ndiye anthu zikwi makumi awiriwo ndi amene adzakupatse malo?"

Mayi Odessa anamugwira mkono mwana wawo. "Mwanawe, mphatso imeneyi sunaigule. Ukamaigonera chonchi ukuchimwira amene anakupatsa. Kale unkandidzutsa ndiwe m'mawa, lero ndimagogoda pachitseko chako mpaka zala kuwawa."

"Amayi, mumadandaula zilizonse," anatero Terrion, uku akutapa mbatata zina.

Pano ndiyenera kuvomera cholakwa changa. Ndinkayenera kumukhazika pabenchi gemu imodzi kapena ziwiri kuti mutu ubwerere m'malo. Ndinamukalipira, inde, koma Lachisanu lililonse ndinkamulowetsa, chifukwa ngakhale waulesi chonchoyo ana anzake sankatha kumuletsa, ndipo tinkapambana. Ndinakonda kupambanako kuposa mwanayo.

Lachiwiri lina m'mawa kunabwera bambo wina wa imvi pagalimoto wamba, atavala malaya opanda chizindikiro chilichonse. Anali Bambo Hollis Rayburn, kochi wa otchinga a kutsogolo pa koleji imene inalonjeza Terrion malo. Anakhala mu ofesi yanga n'kuvula chipewa.

"Vidiyo ya pa intaneti ija ndinaiona, aKochi," anatero. "Ngakhale apongozi anga angaoneke akatswiri mutawadulira bwino chonchija. Ine mundionetse gemu yonse. Ndikufuna chigawo chomaliza, ana atatopa, makamaka pamene mpira wathawira mbali imene iye kulibe."

Ndinayatsa kanema. Bamboyo ankaonera mwakachetechete, n'kumaimitsa, n'kumabweza.

"Msinkhu ali nawo. Mikono yaitali, amanyamuka msanga, manja ake ndi olemera, ndipo amawerama bwino pa munthu wamkulu chonchi. Zimenezi sindingaphunzitse munthu, amabadwa nazo. Koma taonani apa."

Pa kanemayo ana khumi ankathamangira mpira, ndipo nambala 92, ya Terrion, inali itaima chilili. Anapititsa kutsogolo, n'chimodzimodzi. Kachitatu, kachinayi, kachisanu.

"Kodi ankadwala tsiku limeneli?"

"Ana amatopa, bwana," ndinayankha, maso ali pansi. Linali yankho la munthu wamantha, ndipo tonse awiri tinadziwa.

Bambo Rayburn anamwetulira pang'ono. "Makochi mumateteza ana anu, sindikukuimbani mlandu. N'chifukwa chake pasukulu iliyonse ndimakonda kukacheza kukhitchini. Amayi ogawa chakudya amaona mwana tsiku ndi tsiku, ndipo alibe chifukwa chondinamizira."

Ndinamutsatira m'khonde ndikufuna kumuuza kuti mayi ake a Terrion amagwira ntchito momwemo, koma tinafika ndisanamuuze. Chakudya cha masana chinali chitangotha, ndipo m'chipinda chodyeramo munali amayi atatu ovala maepuloni. Bamboyo analunjika kwa amene ankapukuta matebulo, atanyamula mbale yotsala zakudya. Pachifuwa pawo panali kachikwangwani ka dzina limodzi lokha, Odessa.

"Mayi, pepani ndikusokonezeni pantchito. Ndachokera ku koleji imene ikufuna mnyamata wamkulu uja, Terrion Gathright. Inu mumamuona tsiku lililonse. Ndi mwana wotani? Ndikamutenga, adzagwira ntchito popanda womuyang'anira?"

Mayi Odessa anandiyang'ana ine kaye. Kenako anaika mbale ija patebulo n'kuyamba kupukuta manja pa epuloni, nthawi yaitali, ngakhale manjawo anali ouma.

"Bambo, mukanandifunsa chaka chatha, ndikanakuuzani kuti m'tauni muno mulibe mwana wakhama ngati ameneyo. Koma mwandifunsa lero. Mbale iyi ndi yake, waisiya kuti wina amuchotsere. M'mawa sadzuka. Akalangizidwa samva. Mtima wake si woipa ayi, ndikulumbira pamaso pa Mulungu. Koma ulesi wamulowa, ndipo sindikudziwa ngati umutuluke msanga."

"Mukumudziwa bwino ndithu," anatero Bambo Rayburn.

"Ndinamubereka ndine."

Bamboyo anati, motsitsa mawu, "Mayi, mukanatha kundinamiza. Ndikanakukhulupirirani."

"Ndikanatha," anayankha Mayi Odessa, misozi ikutsika. "Bodzalo linali pakamwa pangapa. Koma mukanamutenga n'kudzamuthamangitsa patapita miyezi itatu, ali kutali kopanda womutola. Ndipo Lamlungu ine ndikanaimba ndi pakamwa pati?"

Lachinayi masana foni inalira mu ofesi yanga. Koleji inali itapereka malo aja kwa mnyamata wina wa ku Alabama. Makochi a makoleji amauzana zinthu, choncho ndinadziwa kuti enanso abwerera m'mbuyo, ndipo anabwereradi. Ndinanyamula kompyuta yanga n'kupita kwa a Gathright kuti ndikanene ndekha.

Terrion atamva, anaimirira mpaka mpando unagwa. Nkhani ya m'khitchini ija inali itamufika kale.

"Amayi, mwandipha! Ndi mayi wanji amene amapereka mwana wake kwa mlendo? Simukanangonena kuti ndi mwana wabwino basi?"

Bambo Clifton anayamba kudzuka pampando movutikira, koma mkazi wawo anawaletsa ndi dzanja.

"Mwanawe, tchula chinthu chimodzi chimene ndinanama. Chimodzi chokha. Ukachitchula, ndinyamuka wapansi mpaka ku koleji kuja kukawagwadira."

Ndinaika kompyuta patebulo n'kuyatsa kanema yemwe uja. Mwanayo anali asanadzionepo gemu yonse chaka chimenecho, ankangoonera zodulidwa ndi Dontay. Anaona anzake akuthamanga mpaka kugwa, ena ochepa thupi kuposa mwendo wake, ndipo iye ataima pakati pa bwalo akukonza chisoti.

"Zimitsani, aKochi," anatero Terrion.

"Ayi," anatero mayi ake. "Aonere mpaka kumapeto."

Anaonera. Kanema atatha, chimnyamata chonsecho chinagwada pansi n'kuika mutu pamiyendo ya mayi ake, chikulira ngati khanda. "Pepani, Amayi. Adadi, pepani. Ndataya sukulu yanga ndekha." Mayi Odessa ankangomusisita m'mutu, nawonso akulira. Inenso ndinapepesa kwa atatu onsewo, chifukwa ndinali ndi mbali yanga pa kugwa kwa mwanayo.

Panali patatsala magemu atatu, ndipo Terrion anawasewera ngati munthu amene akuthawa moto. Anathamangira mpira uliwonse, anabwerera kuzitsulo, ankachotsa mbale yake ndi za anzake zomwe. Dontay sanaone zimenezi, chifukwa kamera yake inali itasamukira kwa mwana wina wa tauni yoyandikana nayo. Koma magemu atatu sanathe kufufuta asanu ndi awiri. Tsiku losainirana linafika, ana awiri a timu yathu anakhala patebulo lokongoletsedwa ndi makolo awo, ndipo Terrion anawomba m'manja ali kumbuyo kwa holo.

Pomaliza, Bambo Rayburn anaimbira mnzake wa pa koleji ina yaing'ono ya zaka ziwiri ku Kansas, n'kumuuza kuti mwana wa mayi ngati Mayi Odessa ndi woyenera kumuyesanso. Ndi kumene Terrion ali tsopano, ulendo wa masiku awiri pabasi. Kumeneko kulibe digiri ya zaka zinayi. Akalimbikira, mwina koleji yaikulu idzamuonanso, koma bondo likadzathyoka kapena ulesi ukadzabwerera, basi zathera pomwepo. Palibe amene akudziwa, ndipo ine ndimamupempherera tsiku lililonse.

Amene akulipira kwambiri ndi Mayi Odessa. M'tauni muno muli anthu amene mpaka lero sawayankha moni, akuti anatsekera mwana wawo mwayi ndi pakamwa pawo. Ena amawanena ali pamzere womwewo wa kwaya. Iwo amangogwira ntchito yawo, koma aonda, ndipo nthawi zina ndimawapeza ataima pazenera la khitchini akuyang'ana kubwalo lopanda anthu.

Ana inu amene mukuwerenga izi, ndikukuchenjezani mosabisa mawu. Ulesi ndi tchimo, ndipo thupi lalikulu kapena mutu wakuthwa sizingakupulumutseni. Amene amakuuzani kuti mugwire ntchito pokhapokha anthu akuona sadzakhalapo tsiku limene zonse zidzaonekere poyera. Tsiku limenelo munthu wina adzafunsa amene amakukondani kuti ndinu mwana wotani. Musawakakamize mayi anu kusankha pakati pa inu ndi choonadi, chifukwa chilichonse chimene angasankhe, mtima umene udzasweke ndi wawo.