Munthu Wopopa Mabuleki pa Mlatho

Jeke anatseka galaja mabasi atasiya kale kuyenda. Dzinali analipata ali mnyamata, tsiku limene ananyamula kumbuyo kwa galimoto ndi manja, anzake akuchotsa tayala. Mantha sankawadziwa. Usiku umenewo anatuluka akuimba mluzu, chifukwa anali atamaliza pikapu ya mwana wake wamkazi, yemwe ankanyamula anamwino ndi mankhwala kupita kumidzi ya kumapiri. Anaikweza m'mwamba, anaiveka matayala akuluakulu, ndipo kumbuyo anamangako ekiselo ya lole, chitsulo cholumikiza matayala, chonenepa ngati ntchafu ya ng'ombe. Mwanayo ankayenera kunyamuka nayo m'mawa.

"Imeneyi iwoloka mtsinje itatsinzina," anauza mlonda potuluka.

Njira ya kwawo inkatsetsereka mpaka pa mlatho wakale. Magetsi anathera pa sitolo yomaliza. Ali pakati pa mtsetse anamva mgugu kutsogolo.

Di... di... di...

Pa mlathopo panaima munthu wamtali, wovala ovolosi yonyowa. Manja anawatambasula kutsogolo ngati wagwira chiwongolero. Phazi lake lamanja linkapondaponda pansi.

"Achimwene, mwamwa zingati?" Jeke anaseka. "Kumeneko ndi kuvina kapena mukupha nyerere?"

"Sakugwira," munthuyo anayankha osatembenuka. "Ndikupopa... sakugwira."

Jeke anayatsa tochi. Madzi ankayenderera m'zovala za munthuyo, koma pamene anaima panali pouma. Fumbi lokhalokha! Mluzu uja unamuthawa. Anachita tsemwe thupi lonse.

Di... di... di...

"Mwaikweza bwino," mawuwo anamveka ngati akuchokera pansi pa madzi. "Nanga paipi?"

"Paipi yanji? Mwaidziwa bwanji galimoto ya mwana wanga?"

Tochi inaphethira. Inayakanso. Pa mlatho panalibe munthu. Koma mgugu uja sunasiye. Tsopano unkamveka kunsi... kumtsinje!

Wina akanaliyatsa liwiro la kunyumba. Jeke anatembenuka, nakwera mtunda kubwerera kugalaja.

"Mwaiwala chiyani, bwana?" mlonda anafunsa akutikita m'maso.

"Gwirani tochiyi. Walitsani pansi apa."

Anaikweza pikapu mpaka matayala akumbuyo analendewera. Ekiselo itatsika, anaona. Paipi ya labala yopititsa mafuta a mabuleki inali ija yakale, yaifupi, ndipo inakungika ngati nsambo ya gitala. Anangoikhudza ndi chala. Thu! Inaphulika, mafuta anamuthira kumaso. Pamsewu wosalala ikanapirira, koma pa dzenje loyamba la kumapiri ikanaduka, mwana wake ali pamtsetse ndi anthu kumbuyo.

Jeke anapukuta kumaso. Anapeza paipi yaitali, anaimanga, anathira mafuta atsopano, mlonda akupopa mpaka buleki inalimba ngati mwala. Anayang'ana paipi zina zonse, imodzi ndi imodzi, mpaka kunja kunayera.

Mwana wake atafika anaseka. "Ababa, mwagonanso kuno? Amayi akuti mungoikwatira galajayi!"

"Uwauze andikonzere madzi osamba. Tayesa mabuleki pa geti pomwepo."

Anayesa. Pikapu inaima nji. Anakweza dzanja, nanyamuka ulendo wake.

Dzuwa litakwera kunabwera mkulu wogulitsa zitsulo zakale, amene anamugulitsa ekiselo ija, kudzaona ngati inakwana. Jeke anamufotokozera za usiku, akuyembekeza kusekedwa. Mkuluyo sanaseke. Anakhala pansi pa tayala, navula chipewa.

"Wamtali? Wa ovolosi?"

"Eya. Mukumudziwa?"

"Ekiselo ija ndinaivuula ndekha mumtsinje, pansi pa mlatho womwewo. Inali ya lole ya achimwene anga. Paipi inawadukira pamtsetse paja. Ndinaisunga kuseri kwa nyumba zaka zonsezi, mtima osandilola kuigulitsa, mpaka pamene munanena kuti ndi ya mwana wanu."

Jeke anakhala pansi pambali pake.

"Tinawaika m'manda inu musanatsegule n'komwe galajayi," mkuluyo anatero, akuyang'ana pansi. "Kuti tiwatulutse m'lolemo tinachita kulimbana nawo. Phazi lawo linali lidakali pa buleki."