Mbereko ya Mwana wa Lizzie

Pa 12 Juni 1957, ku Katawa mu Mzuzu, Nelia anawononga nsalu ya mayi ake.

Nsaluyo inali yoyera, yogulidwa kuti ikhale mbereko. Mkulu wake wa Nelia, Lizzie, anali atangobereka mwana woyamba kwawo ku Dedza, ndipo m'banja mwawo mbereko ya mwana woyamba ankainyika m'makungwa a mlombwa kuti ifiire. Mayi ake anali chigonere ndi malungo, choncho Nelia anagwira ntchitoyo yekha. Mphika wawo wadothi unasweka pa ulendo pomwe bambo ake, kalaliki wa boma, ankasamutsidwira kumpoto. Nelia anawiritsa makungwawo m'chitini chadzimbiri, osadziwa kuti dzimbiri limadetsa mtundu. Nsalu inatuluka yotuwa, mwina ndi mwina yakuda bii. Munthu wopita nayo ku Dedza ankanyamuka Loweruka.

"Kumudzi adzati chiyani?" anatero mayi ake mofooka. "Khanda m'nsalu ya maliro?"

Nelia anakalirira kuseri kwa nyumba. Kumeneko anamupeza Keziya NyaMhango, mayi wachitumbuka woyandikana nawo, amene makoma a nyumba yake anali ndi mbalame ndi mitengo yojambula ndi dothi.

"Iwe mwana wa kalaliki, ukulira vichi? Umandilambalala ngati ndine chitsa, lero tiyankhulane."

"Nsalu yafa, amama. Zonse za ku Mzuzu kuno n'zotuwa. Thambo lotuwa, madzi otuwa."

NyaMhango anaitambasula nsalu ija naiyang'ana nthawi yaitali.

"Yafa yayi. Iyi ndi nkhungu ya m'mawa. Chasowa ndi phiri basi."

Anawiritsa makungwa ena mumphika wake wadothi mpaka madzi anatsala ochepa, olimba ngati uchi. Anatafuna nsonga ya kamtengo, nakaviika, n'kukoka mzere umodzi m'mphepete mwa nsalu. Pamwamba pa kutuwa kuja, kufiirako kunawala kuposa pa nsalu yoyera. Anatembenuza kamtengo, nadontheza timadontho, ndipo panaoneka mbalame zitatu zikuuluka.

"Tenga. Jambula phiri lakwanu."

Nelia anatsinzina kuti alione phiri la Dedza. Anakumbukira miyala yake ndi njira yakuchitsime, koma nsonga yake inkamuzemba. Anajambulabe. NyaMhango ankangomugwira chigongono apo ndi apo, amvekere, "Pachoko pachoko, usathamange."

Itauma nsalu, Nelia anailowetsa m'nyumba. Mayi ake anadzuka pamphasa naisisita.

"Kwathu uku! Si kumunda kwathu apa?"

Bambo ake anavala magalasi. "Mayi a Lizzie, malungo akukunamizani. Awa ndi mapiri a Kaning'ina. Tulukani panja muwaone."

Nelia ndiye anatuluka. Kum'mawa, pamwamba pa mitengo, mapiri aja anali pomwepo, nkhungu itawakuta m'munsi. Anawayang'ana monga sanawaonepo. Kenako anapita kwa NyaMhango, nagwada pakhomo.

"Yewo chomene, amama. Mawa ndibwere mudzandiphunzitse mbalame zija?"

"Ubwere ndi nkhuni. Sukulu yanga si yaulere."

Mbereko inanyamuka pa basi ya Loweruka, pa 15 Juni. Lizzie anaberekera ana ake onse m'nsalu imeneyo, ndipo kufiira kuja sikunasuluke. Ku Dedza ankati phirilo ndi la Dedza, ku Katawa ankati ndi Kaning'ina. Nelia anafunsidwa kambirimbiri. Ankayankha kuti nayenso sakudziwa.