Kalata ya Agatha Yopita Kumanda

Madzulo a tsikulo analibe chachilendo. Agatha anatsekela nkhuku, nazimitsa moto wa panja, nakhala pa mphasa kuswa nshawa za mbewu. Amuna ake, a Danwell, anali ku Chipata ndi fodya. Ana anali atagona. Unali mwezi wa Julaye mu 1994, ndipo chisanu cha ku Magodi chaka chimenecho musachiyelekeze ndi tachisanu tanu tamakono. Ine ndinaona ndi maso angawa tambala akulila mau osatuluka, mpaka dzuwa litakwela ndi kuwasungunula.

Chaka chimenecho ndi chimene kunabwela ana a sukulu anayi ochokela ku Holande, odzipeleka kuphunzitsa Chingelezi pa holide yawo. Atatu anatsala pa boma, ku Lundazi. Ife anatipatsa mtsikana dzina lake Petronella. Kutalika kwake, mwe! Udzu wa pa denga la tchalitchi amaukonza ataimilila pansi. Moni amapatsa aliyense, "Monile, monile," mpaka ng'ombe za m'njila. Koma mtima wake unali woyela kuposa khungu. Dzuwa likapendeka, azimayi amasonkhana m'tchalitchimo, makope pa maondo, ana kumsana, ndi kuyamba kuimba Chingelezi mokweza kotelo kuti a ku Lusaka amatseka mazenela. Masiku aja! Mudzi wonse unali kununkhila choko.

Agatha ndi mng'ono wake Eness amakhala benchi limodzi. Sabata lachitatu Eness anagwidwa ndi malungo. Masiku anayi, basi. Tinakamuika m'manda. Kamwana kake kakakazi, Yunike, anakatenga Agatha.

Malilo atatha Agatha anabwelela ku kalasi. Phunzilo la sabata limenelo linali kulemba kalata yoitana mnzako kudzacheza. Anzake analemba. Iye anangoyang'ana pepala.

"Ndilembele ndani, madamu? Amene ndinali kumuitana kwanga anali mmodzi."

Petronella anagwada pambali pake. "Mulembele yemweyo, amama. Kwathu timachita. Mtima umapola."

Agatha analemba, madamu akumuthandiza mau ovuta. Mizele itatu yokha, m'Chingelezi. Inati: Eness mng'ono wanga, bwela kwanga. Chitseko changa nchosatseka. Udzakhale nane, usapitenso.

Anapeleka kope kwa madamu kuti alichonge, nkuiwala. Koma mtsikana uja, ndi chifundo chake, anang'amba tsambalo, nalipinda bwinobwino, nakwela njinga dzuwa lili pamutu, nakalowa kumanda. Yekha! Kumanda kumene ngakhale ine, amene ndinagwilapo njati kumchila mpaka inapepesa, sindiponda popanda akuluakulu patsogolo. Anaika kalata pa mtumbila wa Eness, naitsamiza ndi mwala. Pobwela anauza Agatha akumwetulila, "Amama, kalata yanu ndapeleka."

Agatha sanauze munthu. Akanamudzudzula bwanji mwana wa eni amene anaganiza kuti wachita zabwino?

Zimenezo zinachitika masana. Tsopano kunali kutada, ndipo Agatha anali kuswa nshawa.

Agalu a kwa aneba anauwa, kenaka analeka onse pamodzi. Lawi la nyali linagona chammbali, chikhalilecho kunalibe mphepo. Ndiye kunabwela fungo. Fungo la dothi lonyowa, lokumbidwa kumene. Mu Julaye! Mvula inali itatha mu Epulo.

Kunja kwa chitseko chinachake chinati khwaya. Pepala.

"Odi."

Agatha analeka kuswa nshawa. Usiku munthu sayankha odi woyamba.

"Odi, akulu."

Mau aja anawadziwa. Anagona nawo mphasa imodzi zaka khumi ndi zisanu.

"Akulu, ndine. Musaope, sindilowa mwa ine ndekha. Ndalandila kalata. Dzanja ndi lanu, ndalizindikila. Koma mwalemba Chizungu, akulu. Mukudziwa ine ndinalekezela pa zilembo. Kumene ndili ndafunsa onse, palibe anapondako ku sukulu. Adada angoitembenuzatembenuza, akuti mwina ndi ya msonkho."

Agatha anafuna kuseka. Anafuna kulila.

"Ndiwelengeleni. Ngati mwandiitana, ndilowe. Ngati simunandiitane, ndibwelele. Kuno kukuzizila."

Pepala linalowa pansi pa chitseko pang'onopang'ono. Linali lonyowa, lofiila ndi dothi, ngodya imodzi chiswe chitadya kale. Agatha analitola. Zilembo zake zomwe, zopendama ngati mpanda wakale.

Dzanja lake linapita lokha pa mpilingidzo wa chitseko. Akanangouchotsa, akanamuonanso. Kamodzi kokha. Kenaka anacheuka. Pa mphasa ya ana, Yunike anagona pakati, chala m'kamwa. Ku Magodi ndi mwana yemwe amadziwa kuti wakufa akalowa m'nyumba moitanidwa, pobwelela sabwelela yekha. Ndipo mayi angatengenso ndani?

Agatha anachotsa dzanja. Anayandikitsa pepala ku nyali, nakonza pakhosi monga amachitila madamu.

"Ikuti: Eness mng'ono wanga, gona bwino. Yunike ali kwa ine, akudya, akusewela, chifuwa chija chinatha. Nshawa zako tinasunga, zili m'nkhokwe. Mbuzi yako yabala awili. Usavutike kubwela, njila ndi yaitali. Khala komweko ndi adada."



"Zonsezo pa mizele itatu, akulu?"

"Chizungu chimafupikitsa, iwe."

"Mau anu akunjenjemela. Monga muja munali kunamiza amama kuti shuga yadyedwa ndi nyelele."

"Ndi chisanu."

Kunja munthu anapuma, mpweya wautali wotopa. "Chabwino. Bwezeleni kalata yanga. Ndikafunse madamu."

Agatha anaifinya kalatayo m'manja. Anafuna kuiponya pa nyali. Koma manja anapezeka opanda kanthu, muli dothi lokha. Fungo lija linachoka pakhomo, nkulowela cha ku tchalitchi.

Sanagone. Anakhala chotsamila chitseko, Yunike ali pa miyendo, akudikila kuti mapazi abwelele. Madamu akangowelenga, zatha. Usiku umenewo unali wautali kuposa mausiku onse amene Mulungu analenga. Ine ndinali m'nyumba yachitatu kuchokela pamenepo, ndipo ndinadzuka ndevu zitafika pa mchombo.

Tambala atangolila, Agatha anabeleka Yunike nathamanga. M'kanyumba ka madamu munalibe munthu, bulangete lili lopinda. Anamupeza m'tchalitchi. Nyali inali itatha palafini. Bolodi lonse linali lodzaza zilembo, zazikulu ndi zazing'ono, ndipo Petronella anali kukung'untha choko m'manja, maso ofiila, koma akuoneka wokondwa.

"Amama Agatha, mwalawila! Usiku kunabwela mayi wina. Wofunda chitenje mpaka kumaso, wamanyazi, anakhala kumbuyo mumdima. Koma khama! Anafuna ndimuwelengele kalata."

"Munawelenga?"

"Ayi. Sindinaigwile nkomwe. Mphunzitsi akawelengela wophunzila, wamupha. Ndinamubwelezela zilembo mpaka kucha. Ndati apite akayesele yekha, chilembo chimodzichimodzi. Akalimbikila adzaimva."

Agatha anayang'ana benchi lakumbuyo. Panali dothi lofiila, likali lonyowa, pamalo pokhala munthu mmodzi. Anamugwila dzanja madamu, namuonetsa, namuuza zonse. Mtsikana uja anali woyela kale, koma tsiku limenelo anayela mpaka tinali kuona khoma kupyola mwa iye.

Akuluakulu anapita kumanda ndi ufa kukapepesa. Mwala anaupeza. Kalata sanaipeze. Petronella sanathawe, tisamunamizile. Anamaliza masabata ake, koma kalasi inayamba kutha dzuwa likali pamwamba. Tsiku lokwela minibasi ya ku Chipata analila misozi yodzaza mgolo, akuthokoza ndi kupepesa kuti, "Yewo, yewo, pepani." Azimayi anamuveka chitenje, namuimbila mpaka fumbi la minibasi litatha. Aphunzitsi otelo kulibenso.

Anthu a ku Magodi amanong'onezana kuti Eness akali kuiwelenga. Obwela mochedwa kuchokela ku dimba, akadutsa njila ya kumsitu, amati amamva mayi akutchula zilembo, chimodzi, china, nkukakamila, nkudandaula, nkuyambilanso poyamba.

Agatha tsopano mutu ndi wa imvi. A Danwell anatsogola. Yunike anakwatiwa ku Mwase, ali ndi ana ake asanu. Chaka chatha ndinawapeza mayi Agatha pakhonde, ndipo ndinawafunsa ngati saopa.

"Eness?" anatelo. "Mutu uja? Pa benchi lonse panalibe wouma mutu ngati iye. Mulungu anadziwa chimene anachita."

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenaka anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, nayang'ana ku njila.

"Koma afulumileko tsopano. Ana onse anachoka, muno ndatsala ndekha. Akadzamaliza, ndidzatsegula."